Musanasinthe purosesa: zonena za anthu ndi zoona zake

Ku Kaunda Square mu Lusaka, kaya ndi ku Stage 1 kapena ku Stage 2, wachinyamata amene ali ndi kompyuta yosewerera magemu sanaipeze mwamasewera. Ena anachita kusunga ndalama za maganyu kwa miyezi yambirimbiri. Ena anatumiziridwa ndi achibale a ku Johannesburg kapena ku London. Ambiri anagula kompyuta yomwe inapuma ntchito mu ofesi, n'kuyamba kuiwonjezera zipangizo chimodzichimodzi ndalama zikapezeka. Ndiye tsiku limene gemu ya EA Sports FC yayamba kudukaduka, kapena fani yayamba kulira mpaka kumveka panja, malangizo amagwa kuchokera mbali zonse: kwa anzake kometera tsitsi, kwa wogulitsa zipangizo m'tauni, ndi kwa akatswiri a pa YouTube. Ambiri mwa malangizowo amathera pamodzimodzi, kuti gula purosesa yamphamvu ndi cooler yaikulu.

Ena mwa malangizo amenewa ndi oona, koma ambiri anabadwira kumaiko ozizira, m'zipinda zopanda fumbi, kumene magetsi sazima. Lusaka ili ndi Okutobala wake wotentha, mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti, ndi magetsi obwera mosinthana. Zimandiwawa kuona ndalama yopezeka movutikira ikuthera pa chipangizo chomwe sichinali gwero la vuto. Kompyuta imatha kukuuzani yokha pamene ikudwala, bola muifunse musanapite kukagula mankhwala. Tiyeni tione zikhulupiriro zomwe zimadya ndalama za anthu kwambiri.

"i7 ndi i7 basi"

Wogulitsa akangoti, "Bwana, iyi ndi i7," anthu ambiri safunsanso kanthu. Koma kampani ya Intel inayamba kugwiritsa ntchito dzina loti Core i7 mu 2008, ndipo yalipereka kwa mapurosesa a mibadwo 14. Dzinalo limangosonyeza malo a purosesa pakati pa anzake a chaka chimenecho, silinena mphamvu zake poyerekeza ndi za lero.

Tengani Core i7-2600, yomwe inatuluka mu Januwale 2011 ndipo ikadali yodzaza m'makompyuta akale a mu ofesi. Ili ndi ma core 4, timagawo tomwe timagwira ntchito mkati mwa purosesa, ndipo liwiro lake loyambira ndi 3.4 GHz. Kenako tengani Core i3-12100 ya mu Januwale 2022. Nayonso ili ndi ma core 4, ndipo liwiro lake loyambira ndi 3.3 GHz. Woyang'ana dzina ndi ma GHz okha angasankhe i7 ija mosakayika. Koma pa gemu iliyonse i3 yatsopanoyo imaisiya kutali, chifukwa m'zaka 11 zimenezo amisiri anasintha kapangidwe ka mkati, moti pa kugunda kumodzi purosesa yatsopano imamaliza ntchito yochuluka kwambiri.

Pali zinanso. Mapurosesa a Intel otuluka chaka cha 2013 chisanafike alibe malamulo otchedwa AVX2, ndipo magemu ena atsopano amakana ngakhale kutseguka popanda malamulowo. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Choncho werengani manambala otsatira dzinalo. Pa 2600 m'badwo ndi wa 2, pa 7700 ndi wa 7, pa 12100 ndi wa 12. Ndipo musadalire kapepala komatidwa pa bokosi. Pemphani wogulitsa kuti ayatse kompyuta, mutsegule pulogalamu yaulere ya CPU-Z, muwerenge nokha dzina lonse la purosesa.

"Gemu ikamadukaduka, ndiye kuti purosesa yachepa"

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Pa gemu, purosesa ndi graphics card zimagwira ntchito ngati dakaboyi ndi mmisiri womanga nyumba: wina amabweretsa njerwa ndi matope, wina amayala. Ngati mmisiri ndiye akuchedwa, ngakhale mulembe dakaboyi wamphamvu chotani, khoma silikwera msanga. Pa magemu ambiri, makamaka mukakweza kukongola kwa zithunzi, wochedwa amakhala graphics card.

Kudziwa wolakwa sikulira ndalama. Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner, yomwe imaonetsa manambala pakona ya sikirini gemu ili mkati. Ngati graphics card ikungokhala pa 97 mpaka 100 peresenti, ndiyo yafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo purosesa yatsopano sisintha zambiri. Njira ina ndi yotsitsa zithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Gemu ikathamanga kwambiri mutatero, vuto linali graphics card. Ikakhala chimodzimodzi, pamenepo mukhoza kuyamba kuikayikira purosesa.

Nthawi zina wolakwa si onse awiriwo. Kompyuta yokhala ndi RAM ya 8 GB imabanika pa magemu a masiku ano, makamaka ngati Chrome ili yotsegula kumbuyo. Komanso timitengo tiwiri ta RAM ta 8 GB timagwira bwino kuposa kamodzi ka 16 GB, chifukwa purosesa imalandira zinthu kudzera m'njira ziwiri nthawi imodzi. Gemu yosungidwa pa hard disk yakale yozungulira imaima mwadzidzidzi ikamatsegula malo atsopano, ndipo SSD imathetsa zimenezo pa mtengo wochepa poyerekeza ndi purosesa.

Kwa osewera pa intaneti palinso nkhani ya mtunda. Mukaombera mpira kapena mfuti, uthengawo umayenera kukafika ku kompyuta yaikulu ya eni gemu, yotchedwa seva, n'kubwerera. Ikakhala ku Johannesburg, ulendowo ndi waufupi. Ikakhala ku Europe, kuchedwako kumapitirira mamilisekondi 100, ndipo palibe purosesa padziko lapansi yomwe ingafupikitse mtunda umenewo. Chomwe chingathandize ndi kusankha seva ya ku South Africa ngati gemuyo ili nayo, ndi kulumikiza kompyuta ku rauta ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi.

"Bola ilowe pa soketi, igwira"

Purosesa imakhala pa motherboard, pamalo otchedwa soketi, ndipo soketi iliyonse imalandira banja lake lokha. Intel yakhala ikusintha soketi pafupipafupi: LGA1155 ya m'badwo wa 2 ndi 3, LGA1200 ya m'badwo wa 10 ndi 11, LGA1700 ya m'badwo wa 12 mpaka 14. Msampha woopsa uli pa LGA1151. Mapurosesa a m'badwo wa 6 ndi 7 ndiponso a m'badwo wa 8 ndi 9 onse amagwiritsa ntchito dzina limeneli, ndipo amalowa bwinobwino pamalo amodzi. Koma i5-8400 mukaiika pa motherboard ya H110 yopangidwira m'badwo wa 6 ndi 7, kompyuta siyaka. Munthu amatsala ndi purosesa yabwino m'manja yomwe alibe poiika, ndipo si wogulitsa aliyense amene amalola kubweza.

Kwa amene ali ndi AMD nkhani ndi yokomako. Soketi ya AM4 yanyamula mapurosesa a Ryzen kuyambira oyamba a mu 2017 mpaka a Ryzen 5000. Munthu amene ali ndi Ryzen 3 2200G pa motherboard ya B450 akhoza kudumphira ku Ryzen 5 5600, kapenanso ku Ryzen 7 5800X3D ya mu Epulo 2022, osasintha motherboard kapena RAM. Koma pali lamulo: BIOS, pulogalamu yaing'ono yokhala mu motherboard momwemo, iyenera kusinthidwa kaye kuti iizindikire purosesa yatsopanoyo, ndipo nthawi zambiri ntchitoyi imachitika purosesa yakale ikadali m'malo mwake. Musagulitse yakaleyo musanamalize zimenezi. Kupita ku AM5, yomwe inabwera mu Seputembala 2022, ndi nkhani ina, chifukwa kumafuna motherboard yatsopano ndi RAM ya DDR5. Mtengo wake muuwerengere zinthu zitatu.

Makompyuta a mu ofesi monga Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk ali ndi malire akeake. Ambiri ndi opyapyala, moti amangolola graphics card yaifupi, ndipo mawaya ake a magetsi ndi apadera. Pa laputopu ndiye nkhani imatheratu, poti mapurosesa a malaputopu pafupifupi onse a zaka khumi zapitazi ndi owotchereredwa pa motherboard. Wina akakulonjezani kuti asintha i3 ya mu laputopu yanu kukhala i7, mufunseni kuti achita bwanji.

Safunsa anadya phula. Kampani iliyonse yopanga ma motherboard imaika pa intaneti mndandanda wa mapurosesa omwe motherboard yakutiyakuti imalandira. Kuwerenga mndandandawo kumatenga mphindi zochepa, ndipo muyenera kutero musanakwere basi yopita ku Cairo Road kukagula.

"Purosesa yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yotopa"

Chikhulupiriro ichi chimalepheretsa anthu kugula chinthu chabwino pa mtengo wotsika. Mu purosesa mulibe chozungulira kapena chokhulana. Yomwe inkathamanga pa 3.6 GHz ili yatsopano ithamangabe pa 3.6 GHz patapita zaka zisanu, bola izizizira bwino. Kompyuta ikamaoneka ngati yakalamba, zomwe zasintha ndi zina: fumbi ladzaza, thermal paste yauma, Windows yalemedwa ndi mapulogalamu, ndipo magemu atsopano akufuna zambiri kuposa akale.

Zoyenera kuopa pa purosesa ya salaula ndi zooneka ndi maso. Pa AM4 timapini timakhala pa purosesa penipeni, tokwana 1,331, ndipo kamodzi kokha kakapindika kapena kuthyoka, RAM ikhoza kusiya kuoneka kapena kompyuta kukana kuyaka. Ipendeketseni padzuwa, muyang'ane mizere ya timapiniyo ngati yonse yaima mowongoka. Pa Intel timapini timakhala pa motherboard, ndiye pogula motherboard yakale yang'anani m'soketi mosamala.

Pali gulu limodzi lofunika kusamala nalo. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena amphamvu a m'badwo wa 13 ndi 14, monga i9-13900K ndi i9-14900K, ankalandira magetsi opitirira muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono. Kampaniyo inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake, koma purosesa yomwe inawonongeka kale sichira. Yamtundu umenewu musagule popanda kuiyesa kwa nthawi ndithu pa gemu yolemera, maso anu akuona.

"Ikafika madigiri 80 ndiye kuti ikupsa"

Munthu akaona nambala 80 pa sikirini mtima umagunda, poganiza kuti madzi amawira pa 100. Koma mapurosesa amakono anapangidwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kotere. Ambiri a Intel malire awo ndi madigiri 100. A Ryzen 7000 anapangidwa mwadala kuti pa ntchito yolemera azikwera mpaka madigiri 95 n'kukhala pomwepo, pofuna kufinya liwiro lonse lomwe cooler ingalole. Purosesa ikafika pamalire ake imadziteteza yokha: imatsitsa liwiro, ndipo zikapitirira imazimitsa kompyuta.

Ndiye choipa cha kutentha kwambiri si kupsa, koma kutsika kwa liwiro kumeneko. Chizindikiro chake n'chodziwika. Gemu imayamba bwinobwino, koma pakatha mphindi 15 kapena 20 imayamba kulemera, fani ikulira. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa poyera ngati purosesa yadzichepetsa liwiro chifukwa cha kutentha. Ngati pa gemu ikusewera pakati pa madigiri 65 ndi 85 ndipo liwiro silikutsika, palibe chifukwa chogulira cooler yatsopano, pokhapokha phokoso likukusowetsani mtendere.

Poyerekeza manambala anu ndi a pa YouTube, kumbukirani zinthu ziwiri za Lusaka. Choyamba, cooler iliyonse imataya kutentha mu mpweya wa m'chipinda, ndipo singaziziritse purosesa kuposa mpweya umenewo. Woyesa wa ku Germany akakhala m'chipinda cha madigiri 21, inu muli m'nyumba ya malata ya madigiri 33 masana a mu Okutobala, purosesa yanu itentha kuposa yake ndi madigiri pafupifupi 12, zipangizo zili zofanana. Chachiwiri, Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka ndi pafupifupi 12 peresenti. Fani yomweyo, pa liwiro lomwelo, imakankha mpweya wochepa kulemera, ndipo umanyamula kutentha kochepa. Kompyuta yomwe inali phee mu Juni ikayamba kulira mu Okutobala, siinawonongeke, ikungotsatira nyengo.

"Cooler ya madzi imaposa ya mphepo nthawi zonse"

Cooler ya madzi ndi yokongola, ili ndi mapaipi ndi timagetsi tamitundumitundu, ndipo anyamata ambiri amailakalaka. Koma madziwo sameza kutentha. Amangokunyamula kuchoka pa purosesa kupita ku radiator, kumene mafani amakuuluzira mu mpweya womwewo wa m'chipinda chanu. Cooler ya mphepo nayonso ili ndi madzi. M'timapaipi take ta kopa muli madzi pang'ono otsekeredwa, omwe amasanduka nthunzi pafupi ndi purosesa, n'kukwera kukazizira ku timapepala ta aluminiyamu, kenako n'kubwereranso. Zonsezi zimachitika popanda pampu.

N'chifukwa chake cooler yabwino ya mphepo, monga Noctua NH-D15 kapena Thermalright Peerless Assassin 120, imalimbana bwinobwino ndi ma cooler ambiri a madzi a mafani awiri. Ndipo kwa ife okhala kutali ndi kumene zinthuzi zimapangidwa, funso lalikulu ndi lakuti chingawonongeke n'chiyani. Pa cooler ya mphepo chomwe chingafe ndi fani yokha, ndipo fani ya mamilimita 120 imapezeka m'masitolo a makompyuta m'tauni. Pa ya madzi pampu ikafa, kutentha kumakwera m'masekondi ochepa, ndipo nthawi zambiri mumayenera kugula cooler yonse. Madzi akenso amachepa pang'onopang'ono pakapita zaka. Cooler ya madzi ya salaula, yomwe simukudziwa zaka zake, ndi chinthu choyenera kuchipewa.

Kukula kwa cooler kuzigwirizana ndi purosesa. Ryzen 5 5600 ndi ya mawati 65, ndipo imabwera ndi cooler yake m'bokosi, yotchedwa Wraith Stealth. Imeneyo imakwanira, ngakhale kuti m'chilimwe imachita phokoso, ndipo cooler ya mphepo ya fani imodzi monga Cooler Master Hyper 212 imathetsa phokosolo. Cooler yaikulu ya madzi imakhala ndi ntchito yeniyeni pa mapurosesa onga i9-14900K, omwe amatha kukoka mawati 253. Musanagule cooler yaitali, yezani bokosi la kompyuta yanu ndi rula. NH-D15 ndi yotalika mamilimita 165, ndipo mabokosi ambiri otchipa satsekeka ikalowa.

"Paka paste yambiri, ikasowa paka mankhwala otsukira mano"

Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa cooler pamaoneka posalala, koma pali timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo mpweya wotsalira m'timaenjemo umatchinga kutentha. Ntchito ya thermal paste ndi kudzaza timaenje timeneto basi. Kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati pa purosesa n'kokwanira pa mapurosesa ambiri, ndipo cooler ikamangidwa imakafalitsa yokha. Yochuluka imangofinyikira m'mbali n'kudetsa soketi. Yochepetsetsa ndiyo yoipa kwambiri, chifukwa imasiya malo ouma.

Mankhwala otsukira mano ali ndi madzi ambiri. Tsiku loyamba manambala amaoneka bwino, n'chifukwa chake bodzali silikufa. Pakapita masiku ochepa amauma n'kukhala ufa, ndipo purosesa imatentha kuposa poyamba. Kachubu kamodzi ka paste yeniyeni, monga Arctic MX-4, kamakwana kupaka kangapo, ndipo mukapaka bwino mumatha zaka osakhudzanso.

Ntchito yosintha purosesa imafuna manja odekha. Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti paste yakale ifewe, kenako izimitseni, muzule chingwe kukhoma, mugwire chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke. Masulani masikuluwu a cooler mopingasa, pang'onopang'ono. Pa AM4 musakoke cooler molunjika m'mwamba, chifukwa paste youma imatha kuzula purosesa m'soketi n'kupinda timapini. Ipotozeni pang'ono uku ndi uku mpaka imasuke. Pukutani paste yakale ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Pakona imodzi ya purosesa pali kachizindikiro ka makona atatu, ndipo kayenera kuyang'anizana ndi kanzake ka pa soketi. Purosesa ikakhala bwino imatsika yokha osaikankha.

Kenako tembenuzani cooler yatsopanoyo muyang'ane pansi pake. Ambiri amabwera ndi kapulasitiki koonekera komatidwa pa kopa, nthawi zina kolembedwa chenjezo ndi zilembo zofiira. Akonzi a makompyuta amakapeza kawirikawiri kakadali pomwepo, paste itapakidwa pamwamba pake, mwini wake akudandaula kuti anagula cooler yabodza. Mukamaliza kumanga, lumikizani waya wa fani pamalo olembedwa CPU_FAN musanatseke bokosi.

"Chotsa chitseko cha m'mbali, uwonjezere mafani"

M'zipinda zambiri mupeza kompyuta ili yotsegula m'mbali, fani ya m'nyumba ikuiuzira. Kunena zoona, nthawi zina manambala amatsikadi. Koma zikatero, kompyutayo ikukuuzani kuti mpweya sukuyenda bwino m'bokosi mwake, ndipo mankhwala ake ndi kukonza njira ya mpweyawo. Bokosi lotsegula limaitana fumbi, mphemvu, ndi timanja ta ana.

Fumbi ndiye mdani wamkulu wa kompyuta mu Lusaka. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala nthaka imakhala youma, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imalowetsa fumbi m'nyumba ngakhale mawindo ali otseka. Tsegulani kompyuta yomwe yakhala pansi pa simenti kwa chaka osatsukidwa, muchotse fani ya pa cooler. Pakati pa fani ndi timapepala ta aluminiyamu mupeza chikhakha cha fumbi lofiirira, losakanikirana ndi ubweya wa bulangete ndi tsitsi, cholimba moti chimasendeka chonse ndi zala. Fani imazungulira ndi mphamvu zake zonse, koma mpweya sudutsa. Kompyuta yotere imatha kutsika madigiri ambiri ndi burashi yofewa yokha, popanda kugula kanthu.

Chofunika pa mafani si kuchuluka koma kumene akuloza. Mpweya uzilowa kutsogolo, udutse pa graphics card ndi pa cooler, utulukire kumbuyo ndi pamwamba. Mafani awiri olowetsa kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo amakwanira makompyuta ambiri. Olowetsa akachuluka pang'ono kuposa otulutsa, ndipo kutsogolo kuli kasefa, mpweya umatulukira m'timipata tonse ta bokosi m'malo mokokeramo fumbi. Pa fani iliyonse, mbali yomwe kuli timitanda togwira mota ndi kumene mpweya umatulukira. Mafani asanu oikidwa molimbana amangopanga phokoso.

Ichotseni pansi kompyuta, muiike pa tebulo, kutali ndi khoma ndi katani. M'nyengo ya fumbi pukutani masefa mwezi uliwonse, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi itulutseni panja muiuzire ndi blower. Gwirani mafani ndi chala pouzira kuti asazungulire mopitirira muyezo.

"Magetsi ndi magetsi, power supply iliyonse ndi yabwino"

Purosesa ndi graphics card zamphamvu zimakoka magetsi ambiri, ndipo zonse zimadalira power supply, kabokosi komwe anthu amakaiwala powerengera ndalama. Ya m'makompyuta opyapyala a mu ofesi nthawi zambiri imakhala ya mawati 180 mpaka 250, n'chifukwa chake makadi onga GTX 1050 Ti ndi GTX 1650, omwe amakoka mawati 75, ndiwo amayenera mmenemo. Power supply yopepuka, yopanda dzina lodziwika, yolembedwa mawati 500 pa kapepala, kawirikawiri sifika pamenepo, ndipo ikafa imatha kupha motherboard ndi zina zonse. Kompyuta yomwe imazima yokha gemu ikafika povuta, kutentha kuli bwinobwino, nthawi zambiri ikudandaula za power supply.

Dziko la Zambia limadalira madzi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge pa gawo lalikulu la magetsi ake. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatsitsa madzi mpaka madera ambiri a Lusaka ankalandira magetsi maola ochepa okha patsiku. Aliyense wokonza kompyuta kuno ayenera kuganizira zimenezi. Magetsi akazima pakati pa kusintha BIOS, motherboard ikhoza kusadzukanso. Ntchito imeneyi ichitikire pa UPS kapena pa inverter yodzaza bwino, osati pongodalira ndandanda ya kampani ya magetsi ya ZESCO. Magetsi akazima, zulani chingwe kukhoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike musanayatse.

Pogula UPS dziwani kuti VA si mawati. Yolembedwa 650 VA nthawi zambiri sipitirira mawati 400, ndipo ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zozimitsira kompyuta bwinobwino, osati zomalizira ligi. Kwa odalira sola ndi mabatire, purosesa yosadya magetsi ambiri ndi yaphindu kuposa yamphamvu. Pa Ryzen pali Eco Mode, yomwe imatsitsa purosesa ya mawati 105 kuti izigwira ngati ya mawati 65. Pa magemu ambiri liwiro limatsika pang'ono chabe, koma kutentha ndi phokoso zimatsika moonekeratu, ndipo batire imakhalitsa.

Poyambira

Pa zonsezi, ndondomeko yoteteza thumba lanu ndi yoyamba ndi zaulere. Tsukani fumbi, ikani kompyuta pamalo opita mphepo, muone kumene mafani akuloza. Kenako yezani: kutentha, liwiro la purosesa, ndi kuchuluka kwa ntchito ya graphics card gemu ili mkati. Lembani manambalawo papepala. Ngati paste yatha zaka, isintheni, muyezenso. Mukatero onani RAM ndi SSD. Manambala akalozabe purosesa, werengani mndandanda wa motherboard yanu, muone ngati power supply ikwanitsa, ndipo pamenepo gulani ndi mtima wokhazikika, mutapempha wogulitsa kuti aiyese pamaso panu ndi kukulemberani risiti.

Kusintha purosesa pa nthawi yake ndi chinthu chabwino, ndipo pa soketi ngati AM4 kumatha kuipatsa kompyuta zaka zina zingapo. Chomwe ndikukana ndi kugula mongomvera. Wachinyamata amene waphunzira kuwerenga kutentha, kufufuza soketi, ndi kumanga cooler mosamala wapeza luso lomwe masukulu, maofesi ndi mashopu a ku Chelstone, Kabwata ndi Woodlands amalifuna tsiku ndi tsiku, ndipo amalipira. Yambani ndi kompyuta yanu yomweyo sabata ino, mnzanu akabwera ndi yake mumuphunzitse kuyeza asanatulutse kwacha.